Mafunde ofewa pa chithunzi: Kodi ndikulakwitsa pati?

FUNSO: Akonzi, ndimasirira zithunzi za kugombe zimene mafunde amaoneka ofewa ngati nkhungu pamene miyala ikuoneka bwinobwino. Ndinamva kuti chofunika ndi kusiya shutter ya kamera (kachitseko kolowetsa kuwala) ili yotsegula kwa nthawi yaitali, koma ndikayesa masana chithunzi chimangoyera mbee, ndipo ndikayesa madzulo miyala nayonso imatuluka yosokonekera. Kodi ndikulakwitsa pati?
Wowerenga wokonda kujambula

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Zimene munamvazo n'zoona, kungoti shutter ikatsegula nthawi yaitali, kuwala kumalowa kochuluka, ndiye chifukwa chake chithunzi cha masana chikuyera. Tsitsani ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) kufika pa 100 ndipo ikani aperture (bowo la mu lenzi lolowetsa kuwala, limene limachepa nambala ikamakula) pa f/11 kapena f/16. Sindikulangizani kufika pa f/22, chifukwa bowo likachepa kwambiri chithunzi chimayamba kuchepa kuthwa. Dzuwa likakhala liswa mtengo zimenezi sizikwanira, mufunika fyuluta ya ND, galasi lakuda limene limaikidwa kutsogolo kwa lenzi kuti lichepetse kuwala. Fyuluta ya masitopu 10 (sitopu iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka) imachulukitsa nthawi pafupifupi ka 1,000, moti chimene mukanajambula pa 1/125 ya sekondi chimatenga masekondi pafupifupi 8. Popeza galasi limeneli ndi lakuda bii, kamera imalephera kuona bwino, choncho konzani focus musanaliike, kenaka muisiye pa manual kuti kamera isaisinthe yokha.

Kusokonekera kwa miyala kukusonyeza kuti kamera ikugwedezeka. Manja sangaigwire osasuntha kwa sekondi yathunthu, ndiye tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) njofunika, koma nayonso ili ndi vuto lake pagombe: funde likafika n'kubwerera, limakokolola mchenga pansi pa miyendo yake ndipo imamira pang'onopang'ono inu osazindikira. Kanikizani miyendoyo mpaka ilowe mumchenga wolimba, kapena iimikeni pathanthwe, ndipo zimitsani stabiliser ya lenzi (chipangizo chochepetsa kugwedezeka mukajambula kamera ili m'manja). Musadine batani ndi chala. Gwiritsani ntchito rimoti.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa, chifukwa ambiri amathamangira nthawi yaitali kwambiri poganiza kuti ndiyo yabwino. Masekondi 20 kapena 30 amasalaza nyanja yonse mpaka mphamvu ya madzi osaonekanso. Nthawi zina zimenezo zimakongola, makamaka pakakhala mwala umodzi woima pawokha, koma kwa ine chithunzi chamoyo chimapezeka pakati pa theka la sekondi ndi masekondi awiri. Dikirani funde lifike kumtunda, liime kaye pang'ono, ndipo dinani pamene layamba kubwerera. Thovu likamatsetsereka mozungulira miyala limasiya mizere yoyera yolunjika kunyanja, ndipo mizereyo imatenga diso la woonera kuchokera pamchenga wonyowa mpaka kukafika patali. Rimoti imathandiza kwambiri apa, pakuti timer ya masekondi awiri imakuchedwetsani funde n'kupita. Dzuwa lisanatuluke kapena likangolowa, nthawi imeneyi imatheka ngakhale popanda fyuluta.

Musafulatire nyanja pamene mukujambula, chifukwa funde lina limabwera lalikulu kuposa anzake, ndipo dziwiranitu nthawi imene madzi amakwera. Pukutani lenzi pafupipafupi, popeza timadontho ta mchere timaononga chithunzi, ndipo mukamaliza tsukani tripod ndi madzi opanda mchere kuti mfundo zake zisachite dzimbiri.