Mwana wanga wasanduka wamwano chiyambireni mavuto pakhomo

FUNSO: Ndili ndi mnyamata wa zaka 12, ali Sitandade 7. Chithereni ntchito ya bambo ake, timakangana pafupifupi usiku uliwonse pa za lendi ndi ngongole. Mwanayu wayamba kujomba kusukulu, kumenya mng'ono wake ndi kundiyankha mwano. Ndamukwapula koma sakusintha. Nditani? Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

YANKHO: Pepani mayi. Choyamba, ikani chikwapu pansi. Chimamuphunzitsa kuti wamphamvu amamenya wofooka, n'zomwe akuchita kwa mng'ono wakeyo.

Mwana wa zaka 10 mpaka 14 amamva zonse ngakhale mukuyesa wagona. Koma mbali ya ubongo yothandiza kudziletsa imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. Ndiye mantha akamugwira sanena kuti "ndikuopa musiyana". Amalusa, amathawa. Mkangano wa usiku umamulandanso tulo, pomwe pa msinkhu wakewo amafunika maola osachepera 9.

China chimene makolo ambiri sachiona n'chakuti nkhawa imasintha kaleredwe. Lero mwamulekerera chifukwa mwatopa, mawa mwamumenya pa cholakwa chomwecho. Mwana sadziwanso malire, ndipo zimenezi zimamusokoneza kuposa kusowa kwa ndalamako.

Za ngongole muzikambirana ndi bambo masana iye ali kusukulu. Zikakanika, itanani ankhoswe. Musamutume kukanena mawu kwa bambo ake, kapena kumufunsa amene akulakwa. Muuzeni mwachidule kuti ndalama zavuta, si iye wachititsa, ndipo akuluakulu akuyesetsa.

Malamulo akhale awiri kapena atatu okha, ogwirizana nonse: sukulu tsiku lililonse, kufika pakhomo kusanade, osamenya. Akaphwanya, asapite kumpira kapena kuvidiyo tsiku limodzi, osati mwezi. Muzipeza mphindi 15 patsiku zokhala naye awiri, kaya mukusadzula masamba, osamufunsa za milandu yake. Kaonaneninso ndi aphunzitsi ake kuti azikuuzani Lachisanu lililonse masiku amene wajomba. Masabata oyamba akhoza kuonjeza mwano pofuna kuona ngati mukunenetsa, musabwerere m'mbuyo.

Akayamba kugona kunja, kusuta chamba, kumwa mowa kapena kunena zofuna kufa, musadikire. Pitani naye ku St John of God konkuno ku Mzuzu, komwe kuli aphungu a za maganizo, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ngati mikangano yanu imafika pomenyana, kanenani ku Victim Support Unit ya kupolisi.