Funsani Makaniko: Matayala a kagalimoto ka mipando iwiri

FUNSO: Bambo Makaniko, ine ndimakhala ku Ulongwe, ndimachita geni ya kachewere. Chaka chatha ndinagula Mazda Roadster ya 2002, ya mipando iwiri, denga lake lotsegula, yochokera ku Japan. Kuno amandiseka kuti ndinagula galimoto yoti singanyamule ndi thumba limodzi lomwe, koma ine ndimakakonda kagalimoto kanga. Mwezi wathawu ndikutsika ku Tete ndinagwera m'dzenje cha ku Mussacama, ndipo tayala lakutsogolo latupa m'mbali. Enawonso mano atha. Pamatayalapo palembedwa 195/50R15 82V. Wogulitsa wina mumzinda wa Tete akuti ndichotse marimu anga ndiike a 17 ndi matayala aakulu kuti galimoto izigwira msewu. Mlamu wanga wandipezera a kaunjika anayi, mano ake ali ngati atsopano, mtengo theka, olembedwa kuti STUDLESS. Nditsate ziti? Wowerenga wanu, Ulongwe.

YANKHO: Achimwene, choyamba tayala lotupalo musayendenso nalo, ngakhale kupita kumsika. Chotupacho chikusonyeza kuti ulusi wam'kati wa khoma la tayala unaduka pamene rimu inalipana ndi m'mphepete mwa dzenje. Sichimatika. Anyamata omata matayala angakuuzeni kuti aika chigamba m'kati, koma mpweya womwe ukukankha pamenepo udzangosankha tsiku lake.

Tsopano a mlamu anu. Apatseni moni, koma matayalawo abweze. STUDLESS ndi tayala la nyengo yachisanu ku Japan, lopangidwira misewu ya chipale ndi ayezi. Labala wake anamupanga kuti azikhalabe wofewa kukazizira kwambiri, kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7. Liyang'anitsitseni, muona timizere tambirimbiri tokhotakhota pa dzino lililonse, ngati munthu analichekacheka ndi lezala. Timizere timeneto ndi toluma ayezi. Nanga ayezi mukamupeza kuti pakati pa Moatize ndi mlatho wa Samora Machel wa mumzinda wa Tete mwezi wa Novembala, dzuwa litapyola madigiri 40, phula likuchita kununkha? Pa kutentha kotero labalayo amafewa ngati phala lozizira, mano amapindika, galimoto imayenda mtunda wautali musanaime mukaponda mabuleki, ndipo pakona imalendewera. Ambiri mwa matayala amenewa ali ndi chilembo Q kumapeto kwa manambala a saizi, kutanthauza kuti liwiro lake lisapyole makilomita 160 pa ola.

Ndikunena zomwe ndinalawa ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndinanyengeka ndi mano aatali, ndinaika anayi otere pa Corolla yanga. Wondigulitsayo analumbira kuti ndi "a mvula". Sanathe ndi miyezi isanu ndi umodzi yomwe, ndipo tsiku lina mbuzi itadumphira mumsewu pafupi ndi Zobue, ndinaponda buleki galimoto n'kumangopitabe ngati yandinyoza. Mbuziyo inapulumuka mwa nzeru zake, osati zanga. Chifukwa chomwe matayalawa amafikira kuno akadali ndi mano n'chakuti eni ake kumeneko amawavula akakalamba ndi kuuma, manowo asanathe. Ife timangoyang'ana mano.

Kunena za kukalamba, phunzirani kuwerenga tsiku lobadwa la tayala. M'mbali mwake muli manambala anayi m'kabokosi kozungulira, nthawi zambiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyambawo ndi sabata, awiri otsirizawo ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka zisanu liziyang'aniridwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichoke ngakhale likuoneka bwino. Kwathu kuno, ndi dzuwa lathuli, ine sindidikira khumizo. Ngakhale m'sitolo, tayala lokulungidwa bwino m'pulasitiki, werengani manambalawo musanatulutse ndalama. Lina limakhala litagona pashelefu zaka zinayi.

Za marimu a 17, wogulitsayo akufuna kukugulitsani zinthu zisanu ndi zitatu m'malo mwa zinayi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa 195/50R15, 195 ndi kukula kwa tayala m'lifupi, m'mamilimita. 50 akutanthauza kuti khoma lake ndi theka la 195, ndiye mamilimita 97.5. 15 ndi rimu m'mainchesi. Mukapita pa rimu ya 17, tayala lomwe lingalowe bwino ndi longa 205/40R17, khoma lake mamilimita 82 okha. Khoma ndi limene limayamba kulandira nkhonya ya dzenje. La 97.5 lakuphulikirani kale m'kati pa Mussacama, ndiye mukufuna lalifupi kuposa pamenepo? Ulendo wotsatira sikudzakhala kutupa kokha, rimu nayo idzapindika. Komanso marimu aakulu amalemera, ndipo kagalimoto kanuka kukoma kwake konse kuli m'kupepuka. Kamalemera tani imodzi ndi pang'ono chabe. Mukakaveka nsapato zolemera, chiwongolero chimauma, kamayamba kutsatira mikwingwirima yomwe malole a malasha anasiya m'phula, ndipo mvula ikagwa tayala lalikulu pa galimoto yopepuka limafulumira kuyandama pamadzi.

Ndikanakhala ine, ndikanaganiza zotsika m'malo mokwera. Ma Roadster oyambirira a 1989 anatuluka ndi 185/60R14, ndipo ena a m'badwo wanuwu anabweranso ndi saizi yomweyo. Khoma lake ndi mamilimita 111. Chosangalatsa n'chakuti tayala lonse kutalika kwake n'kofanana ndi lanu: la 14 ndi mamilimita pafupifupi 578, lanu 576. Sipidomita singazindikire n'komwe. Marimu ake ndi a mabowo anayi, 4x100, osavuta kupeza. Chenjezo limodzi lokha: ena mwa magalimoto a 2001 kupita mtsogolo ali ndi mabuleki aakulu omwe rimu ya 14 siikwana, choncho yesani rimu imodzi kutsogolo, muizunguze ndi dzanja, mumve ngati ikukhula. Ngati zimenezi zikukuchulukirani, khalani pa 195/50R15 yanuyo. Palibe cholakwika.

Akakuuzani kuti saiziyo yatha koma 195/55R15 ilipo, dziwani kuti ndi lalitali ndi mamilimita pafupifupi 20. Sipidomita ikamati 100 inu muli pa 103, ndipo mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mwina lingakhule. Ena amayenda nalo. Ine ndingalole pokhapokha mutaika onse anayi, osati kusakaniza.

Manambala omalizawo, 82V, musawatsitse. 82 ndi makilogalamu 475 pa tayala limodzi, V ndi makilomita 240 pa ola. Ndikudziwa simudzafika 240 pa msewu wodzaza njinga ndi ngolo, koma tayala la V limapirira kutentha kuposa la T kapena Q, ndipo inu mumachoka kozizira kumapiri a Angónia n'kutsikira m'ng'anjo ya chigwa cha Zambezi, makilomita opitirira 200 osapuma. Ngati pali mawu akuti TEMPERATURE, sankhani lolembedwa A. Dzina la kampani sindikusankhirani. Bridgestone, Dunlop, Michelin, Yokohama, onsewa amapanga matayala abwino a nyengo yotentha; thumba lanu ndilo linene. Chachikulu, onse anayi akhale mtundu umodzi. Ndalama zikaperewera mukagula awiri, atsopanowo apite kumbuyo. Galimoto yanu imakankha ndi mawilo akumbuyo, ndipo kumbuyoko kukaterereka pakona yonyowa ya mu Januwale, mudzapezeka mwayang'ana komwe mwachokera.

Mukaika, chititsani balansi ndi alainimenti, poti dzenje lija silinasiye miyendo ili bwino. Mpweya tsatirani kapepala komatidwa pa chitseko cha dalaivala. Pa galimoto yanu ndi 1.8 bar, kapena 26 psi. Anyamata a pamsewu anazolowera kupopa ma minibasi, mukawasiya okha akuikirani 35 galimoto n'kumadumpha ngati chitete. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mukafika ku Tete mukaona mpweya wakwera, musauphwetse.

FUNSO: Bambo, amuna anga ali ndi kagalimoto konga komweko. Kasipeya kake n'kakang'ono ngati ka njinga yamoto. Akhala akuyendera kameneko milungu itatu tsopano, akuti palibe vuto. Mayi wa ku Moatize.

YANKHO: Mayi, vuto lilipo. Kameneko n'kongofikitsa munthu kwa omata matayala, ndipo pambali pake analembapo kuti kasapyole makilomita 80 pa ola. Kamafuna mpweya wambiri, 4.2 bar, ndipo ndikukayika ngati bambowo anakayezapo chigulireni galimotoyo. Ngati akaika kumbuyo, akuvutitsanso difu, chida chomwe chimagawira mphamvu mawilo awiri akumbuyo, chifukwa mawilo awiriwo sakuzungulira mofanana. Atengereni makiyi mpaka Loweruka, akagule tayala.