Achemwali, ku WhatsApp'ko musapiteko

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito ya unamwino ku Britain. Bambo awo anabadwa mu 1964, ndiye akufuna kuwagulira ndalama zachitsulo zoyamba za dziko la Malawi, za chaka chomwecho, kuti ikhale mphatso. Azipeza pa eBay, msika wa pa intaneti. Koma wogulitsa wawalembera kuti akakambirane ku WhatsApp, kumeneko akawachotserako mtengo, ndipo akuti alinso ndi ndalama yasiliva yolembedwa 1780 imene angawapatse motchipa poti ali pa mavuto. Funso lawo ndi lalifupi: amukhulupirire munthuyu?

Ayi achemwali, musamukhulupirire. Zifukwa ndikupatsani, koma ndiloleni ndiyambe ndatula zimene imelo yanu yavundula mumtima mwanga, chifukwa nditaiwerenga sindinapeze tulo.

Agogo anga aakazi, obereka amayi, anali ndi kachitini ka mkaka waufa momwe ankasungamo singano, mabatani ndi ndalama zakale. Munali makobidi obooka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja a njovu ziwiri zoimirira uku ndi uku kwa bowo, atawatunga pa ulusi wakuda. Munali matiki, masheleni a nkhope ya Kamuzu, ndi hafukolona imodzi yoperepeseka moti zilembo zake tinkachita kuzimva ndi chala. Ife ana tinkazikhuthulira pamphasa n'kumaziwerenga, agogo akutiuza zimene tiki imodzi inkagula kusitolo masiku awo a utsikana. Atatisiya, kachitiniko kanapita kwa amalume.

Patapita zaka, kumudzi kunayamba kufika anyamata otchena, ofunsa ndalama zakale ndi simbi zamakala zija zokhala ndi tambala pamwamba. Ankati azungu akuzifuna chifukwa mkati mwake muli chinthu chodula kuposa golide. Mmodzi ataona makobidi a agogo anawanyamula ndi kansalu ngati akuopa kuwadetsa, n'kuyandikiza kamaginito, n'kugwedeza mutu, kenako anapempha kuti ana tichoke kaye pakhonde. Anawauza amalume kuti akhalira chuma cha mamiliyoni. Vuto linali loti bwana wogula ali kunja, ndipo asanalipire pafunika ya kuyezetsa kumakina, ya kalata yotulutsira katundu m'dziko, ya mayendedwe. Amalume anagulitsa mbuzi. Kenako anagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene zinkakoka ngolo, yotsalayo n'kukhala yopanda ntchito. Tsiku lina nambala ya foni ija inangosiya kupezeka, ndipo kachitini kanali katapita kale "kukayezedwa".

Amalumewo sanali munthu wopusa. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, amene anthu a mudzi wonse ankabwera kudzawawerengetsa makalata. Chimodzi chokha ndi chimene sankadziwa: kuti makobidi aja anasulidwa mamiliyoni, ndipo kobidi loyenda m'manja ngati lija osonkhanitsa ndalama amaligula ndi mapaundi ochepa chabe. Akanakhala ndi woti awauze zimenezi, ng'ombe ikanatsala m'khola. Nkhaniyi sanaitchulenso mpaka imfa yawo, ndipo ku misonkhano ya mudzi anayamba kukhala kumbuyo. Chimandiwawa kwambiri ndi chimenecho, kuposa ng'ombe.

N'chifukwa chake ndinayamba kusonkhanitsa ndalama zakale, pofuna kubwezeretsa zimene zinali m'kachitini kaja, ndipo ndi mmene ndinadziwira misika ya okushoni ya pa intaneti. Ndinapeza kuti wakuba wa pa eBay ndi mnyamata wa pakhonde uja ntchito yawo ndi imodzi. Wina amanamizira kugula, wina amanamizira kugulitsa, koma onse chimene akubweretsa ndi nkhani yokoma: mwayi wagwera inu nokha, fulumirani, musauze munthu, tiyeni tikalankhulire poduka mphepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tione 1780 yanuyo. Sindinaione, koma ndikutha kukuuzani kuti ili ndi nkhope ya mayi wonenepa wovala nsalu kumutu, kuseri kuli chiwombankhanga cha mitu iwiri. Imeneyo ndi thaler ya Maria Theresa, mfumukazi ya ku Austria imene inamwalira mu 1780. Amalonda a ku Arabia ndi ku Ethiopia anaikonda kwambiri ndalamayi moti ankakana ina iliyonse yosiyana nayo, ndiye osula ndalama anapitiriza kuisula osasintha chaka. Inasulidwa ku Vienna, ku London, ku Rome, ku Paris, ku Bombay, zonse zolembedwa 1780, ndipo ku Vienna akuisulabe mpaka lero. Zilipo zoposa mamiliyoni 300. Yeniyeni imalemera magalamu 28, ndipo mwa magawo 1000 alionse, 833 ndi siliva. Zambiri mtengo wake umangotsatira mtengo wa silivayo, kuonjezapo pang'ono. Ndiye ngati munthu akukugulitsani ngati chinthu cha zaka zoposa 200, nthawi zambiri amakhala akukunamizani. Ngati akukugulitsani pa mtengo wochepera siliva amene ali m'katimo, dzifunseni chifukwa chimene sanapite nayo kwa ogula siliva a m'tauni yake, amene akanamupatsa ndalama tsiku lomwelo. Munthu amene alidi pa mavuto amathamangira kumeneko, salembera mlendo pa intaneti.

Apa ndiye pamene ndimakangana ndi anthu ambiri, ngakhale abale anga. Ukale wa ndalama si umene umaikweza mtengo. Ndalama zina zamkuwa za Aroma, za zaka zoposa 1,600, zimagulidwa motchipa chifukwa zimafukulidwa zambirimbiri. Mtengo umabwera ndi zinthu zitatu: zinasulidwa zingati, yatsala yooneka bwanji, ndipo akuifuna ndi anthu angati. Achibale athu a ku Johannesburg akudziwa za R5 ya Mandela ya 2008, imene anaitulutsa pokondwerera kuti wakwanitsa zaka 90. Anasula 22 miliyoni. Anthu anazibisa m'masutikesi, ena mpaka lero amaziika pa Facebook ndi mitengo ya galimoto, pomwe yoyenda m'manja ikadali R5 basi. Wina amaona mtengo umene mnzake walemba n'kuyesa kuti ndiwo mtengo wake. Kulemba mtengo aliyense angathe. Ine ndikhoza kuika wani tambala ya 1971 pa eBay usiku uno n'kulemba mapaundi 5,000, palibe angandiletse, koma sizikutanthauza kuti pali amene analipirapo zotere.

Ndipo ndinene mosabisa: amene amauza anthu ovutika kuti ndalama zakale ndi njira yolemerera, kaya pa TikTok kaya m'magulu a WhatsApp, ngakhale asabe kanthu ndi manja awo, akulimira akuba munda. Munthu amene wamva kakhumi kuti kobidi lobooka ndi mamiliyoni, tsiku limene wachinyengo afike pakhomo amakhala atakhulupirira kale. Ndimakwiya ndikaona uthenga wotere ukutumizidwa m'gulu la mpingo kapena la kumudzi ndi munthu wophunzira, amene akanatha kufufuza kwa mphindi zochepa asanautumize. Ndalama zakale gulani chifukwa mukuzikonda, chifukwa zikukukumbutsani kwanu. Wofuna kusunga chuma apite kwina.

Za maginito nazonso zandikwana. Golide, siliva ndi mkuwa sizikakamira ku maginito, n'zoona, ndipo thaler ikakakamira ndiye kuti ndi yabodza, musachedwe nayo. Koma kusakakamira sikutsimikiza kanthu, chifukwa opanga zabodza amagwiritsa ntchito mkuwa n'kuupaka siliva pamwamba. Komanso ndalama zina zenizeni zimakakamira: 1p ndi 2p za ku Britain zimene muli nazo m'kachikwama kanu, kuyambira 1992 ndi zachitsulo chokutidwa ndi mkuwa. Palibe chozizwitsa chili m'kati mwake. Kamaginito ka mnyamata uja kanali ka sewero chabe.

Za 1964 zimene mukufunazo

Apa pali nkhani yabwino. Chaka cha ufulu chimenecho kunatuluka ndalama zinayi: sikisipensi ya chithunzi cha tambala, sheleni ya chimanga, florin ya njovu ndi hafukolona ya chizindikiro cha boma, zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu Banda. Kobidi linabwera pambuyo, mu 1967, ndipo kwacha ndi tambala zinalowa mu 1971, kwacha imodzi ikufanana ndi masheleni 10. Zinayi zijazi zimaoneka zoyera koma mulibe siliva, choncho wogulitsa akalemba kuti ndi zasiliva, kaya sakudziwa kaya akunama, mudutseni. Si zosowa, ndipo zoyenda m'manja si zodula. Palinso za chaka chomwecho zimene zinasulidwa mwapadera kuti zikhale za osonkhanitsa, zowala ngati galasi, zimene amazitcha proof, ndipo zimabwera zinayi pamodzi m'kabokosi. Zimenezo mtengo wake ndi wokwererako, koma ngati mphatso ndi zokongola kwambiri. Musanaponye mtengo uliwonse, tsegulani Numista, malo a pa intaneti amene ali ndi chithunzi, kulemera ndi kukula kwa ndalama iliyonse, muziyerekeze ndi zimene wogulitsa waika.

Mudzaonanso ndalama zina zotsekeredwa m'kapulasitiki kolimba kokhala ndi nambala. Zimenezo zadutsa m'manja mwa makampani oyeza a ku America, PCGS imene inayamba mu 1986 kapena NGC ya 1987. Amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 70 malinga ndi mmene ndalamayo yasungikira. Pa ndalama zodula, monga Krugerrand yagolide kapena dollar yakale ya ku America, zimenezi zimathandiza, bola mutenge nambalayo mukaifufuze pa webusaiti ya kampaniyo, ndipo ngati pali chithunzi muchiyerekeze bwinobwino, chifukwa akuba amapanganso timapulasitiki tabodza n'kukopera nambala zenizeni. Pa sheleni ya chimanga musavutike nazo, kuyezetsako kumadula kuposa sheleniyo. Tsiku lina mukadzafuna chinthu chodula kwenikweni, ku London kuli nyumba za okushoni zodziwika monga Spink ndi Noonans, kungoti amaonjezera gawo lawo pamwamba pa mtengo umene mwapambana nawo, nthawi zambiri loposa 20 peresenti, ndiye muziwerengeratu.

Tsono mugule bwanji

Chifukwa chimene munthu uja akukukokerani ku WhatsApp n'chakuti chitetezo cha eBay chimagwira ntchito pokhapokha mwagula ndi kulipira pa eBay pomwepo. Katundu akapanda kufika, kapena akafika wosiyana ndi amene analembedwa, muli ndi masiku 30 oti mudandaule, ndipo angathe kukubwezerani ndalama zanu. Mukatuluka n'kutumiza kubanki ya munthuyo, kapena pa PayPal kudzera ku Friends and Family (njira yotumizira ndalama kwa abale ndi abwenzi), palibe woti mukamulirire. Timapaundi timene akuti akuchotseraniti ndi nyambo. Kukokera wogula kunja n'koletsedwanso ndi malamulo a eBay, ndiye uthengawo mukhoza kuuneneza pomwepo kuti asakole wina.

Zotsalazo ndi zachidule. Posaka, sankhani Sold items kuti muone mitengo imene anthu analipiradi. Werengani ndemanga za wogulitsa, makamaka zoipazo, ndipo onani ngati wakhala akugulitsa ndalama zakale, osati munthu wa zikwama za mafoni amene lero wadzuka ndi golide. Zithunzi zikhale za ndalama yomweyo imene mudzalandire, kumaso, kuseri ndi m'mphepete. Mukakayika ziikeni mu Google Lens, yofufuzira zithunzi pa intaneti, muone ngati sizinabedwe kwina. Pemphani chithunzi cha ndalamayo ili pa sikelo. Woona mtima sakwiya nazo. Dziikireni malire a mtengo okushoni isanatenthe, chifukwa ena amatuma anzawo kuti azikweza mtengo mwadala, ndipo mtima wosafuna kugonja umadyetsa ndalama zambiri. Ikakupitirirani isiyeni, florin ina ya 1964 ituluka posachedwa. Sankhani positi yokhala ndi nambala yolondolera, ndipo potsegula phukusi jambulani vidiyo.

Zikafika, chonde achemwali, musazitsuke. Ndikudziwa mtima wathu, chinthu chopatsa bambo timafuna chiwale, ndiye dzanja limathamangira phulusa, ndimu kapena Brasso. Kukwecha kumasiya timizere timene sitichokanso, ndipo osonkhanitsa akangoona zimenezo mtengo amaugwetsa kwambiri. Kuda kumene kwabwera ndi zaka kusiyeni momwemo. Muzizigwira m'mphepete, osati pankhope, chifukwa thukuta la zala limasiya chizindikiro. Musazisunge m'timapulasitiki tofewa ta PVC, m'kupita kwa nthawi timatulutsa zobiriwira zomata zimene zimadya chitsulo. M'masitolo a osonkhanitsa ndalama amagulitsa timakatoni toboola pakati tokhala ndi kawindo, totchipa kwambiri, ndipo pamenepo mungathe kulembapo chaka ndi dzina la ndalamayo. Pobwera kumudzi muziike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi lisiti la eBay, kuti akakufunsani pabwalo la ndege muonetse kuti munagula zingati.