Funsani Akatswiri: Mwala wakuda wonunkha phula, kodi ndi mafuta?

Funso: Mlamu wanga amakumba zitsime chakufupi ndi Hwange. Wandibweretsera mwala wakuda womatuka mapepalamapepala, ndipo ukauwotcha umanunkha phula. Anzanga akuti ndi mafuta ngati a ku Muzarabani. Ndi zoona? *Bambo a ku Mufakose*

Yankho: Bambo, fungo lokha musagulire mbuzi yachikondwerero. Mwalawo ndi shale, matope amakedzana amene anaumbika pamodzi ndi zomera zowola. Ku Muzarabani, kumpoto kwa Zimbabwe, kumene kampani ya Invictus Energy inalengeza mu December 2023 kuti yapeza gasi pa chitsime chake cha Mukuyu-2, gasiyo ali m'mwala wamchenga wokhala ndi mipata. Shale njoumira: satulutsa kanthu mpaka ataswedwa ndi madzi opopedwa mwamphamvu.

Pofuna kudziwa ngati shale ili ndi mafuta kapena gasi, choyamba timayeza kaboni wa zamoyo zakale, amene ku labotale amati TOC. Akachepera 2 peresenti ya kulemera kwa mwala, nkhani yathera pomwepo. Miyala yoyandikana ndi malasha, ngati ya ku Hwange, imapitirira mlingowu mosavuta, koma kaboni wake ngwa mitengo ndi masamba a kumtunda, ndipo ameneyu amabala gasi. Mafuta amachokera makamaka ku ndere za m'nyanja.

Chachiwiri ndi kupsa kwa mwala ndi kutentha kwa pansi pa nthaka, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Timapera kachidutswa, n'kutenga ufa wosaposa mamiligalamu 100, n'kuutenthetsa m'makina a Rock-Eval kuyambira madigiri 300 mpaka 650. Ufawo ukatulutsa mpweya wambiri pakati pa madigiri 435 ndi 470, mwalawo unapsa bwino moti n'kubala mafuta. Timatsimikiza poyang'ana pa maikulosikopu kunyezimira kwa tizidutswa ta vitrinite, zotsalira za mitengo yakale. Pansi pa 0.6 peresenti mwala ngwauwisi, kufika cha pa 1.3 ndi mafuta, kupitirira apo ndi gasi, ndipo ukadutsa 3 wapserera. Zoterezi zinaoneka ku Karoo, ku South Africa. Mu 2013 EIA, bungwe la boma la America loona ziwerengero za mafuta, gasi ndi magetsi, linati kumeneko kungatuluke gasi wokwana ma cubic feet 390 thiriliyoni. Kafukufuku wa 2017, atayeza miyala yeniyeni ya m'zitsime, anatsitsa chiwerengerocho kufika cha pa 13 thiriliyoni. Mwa zifukwa zake, chiphalaphala chamoto cha mwala wotchedwa dolerite chinalowerera m'miyalayo kalekale n'kuthamangitsa gasi.

Kenako kuya ndi dongo. Pamafunika mwala wokhala pakati pa mamita 1,000 ndi 5,000 pansi, pamene zitsime zamadzi zambiri zimathera cha pa mamita 100 kapena kucheperapo. Mwala ukachuluka dongo, ming'alu imatsekeka yokha ngati mbiya yosawotcha, pomwe wochuluka quartz, timiyala tolimba tonga ta mumchenga, umasweka bwino. Ndipo zonse zikakhala bwino, gasi wotuluka amakhala cha pa 20 mpaka 30 peresenti ya amene ali m'mwalamo. Mafuta ndiye safika n'komwe 10 peresenti.

Mwala wa mlamu wanu uli ndi vuto linanso. Wotoledwa pafupi ndi pamwamba amakhala atadyedwa ndi mvula ndi mpweya, choncho TOC yake imanama. Girizi kapena dizilo wa makina okumbira akaukhudza, labotale imawerenga mafuta amene mulibe. Wofuna kuyeza gasi amatsekera mwala m'chitini chosalowa mpweya utangotuluka m'dzenje, osati kuuyendetsa m'thumba la shuga pabasi. Komabe pitani nawo ku Zimbabwe Geological Survey, ofesi ya boma yoona za miyala, konkuno ku Harare, mutalemba malo ndi kuya kwake. Mudziwenso kuti mwalamulo zam'nthaka nza boma, si za mwini munda.

Funso: Pokumba chitsime pakhomo pathu patuluka matope akuda onunkha dizilo. Kodi Harare ili pa mafuta? *Mayi a ku Highfield*

Yankho: Ayi, mayi. Harare yakhala pa granite ndi miyala ina ya zaka zoposa 2,500 miliyoni, imene singasunge mafuta. Fungolo lingachokere ku thanki yodontha, galaja yapafupi kapena paipi ya zonyansa. Madziwo musamwe mpaka akayezedwe ku labotale.