Chigubu cha zopereka za agalu ndi amphaka

Mayi ena a ku Chilenje anandilembera imelo sabata yatha. Ana awo amakonda agalu, ndipo akufuna kusonkhetsa ndalama zothandizira bungwe losamalira nyama la Lusaka Animal Welfare Society, koma yogulira mabokosi a zopereka m'sitolo alibe. Ndiye akufunsa ngati angapange okha.

Mungathe, amayi. Koma musanagwire mpeni, pitani kaye kwa eni ake a bungwelo mukapemphe chilolezo, ndipo ngati n'kotheka akupatseni kalata. Munthu wa kuno ku Lusaka satulutsa ndalama m'thumba asanadziwe komwe ikupita, ndipo sindimuimba mlandu.

Katoni musagwiritse ntchito. Ine ndinayesapo pa kantemba ka mnzanga, mvula ya mu Januwale itawaza pang'ono, pansi pake panafewa ngati buledi wonyika mu tiyi, makobidi n'kumwazika. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2025 K2 ndi K5 zilinso m'makobidi, choncho zopereka zimalemera msanga. Tengani chigubu cha madzi cha malita 5, kapena botolo lalikulu la chiponde. Ine ndimakonda choonekera mkati. Ikanimo nokha makobidi angapo ndi K10 imodzi musanachipereke ku sitolo imene chikakhale, chifukwa chigubu chopanda kanthu anthu amangochidutsa.

Tsukani, yanikani chiume bwino kuti ndalama zamapepala zisachite nkhungu. Tenthetsani nsonga ya mpeni pa mbaula, mucheke kampata kotalika masentimita 4, kopyapyala moti chala sichingalowe. Ntchito imeneyi ndi yanu, osati ya ana. Iwo apatseni yojambula galu ndi kumata kansalu ka chitenje m'khosi mwa chigubu, koma asaphimbe ponse.

Mawu akhale ochepa: dzina la bungwe, ndi ntchito ya ndalamazo, monga chakudya kapena katemera wa chiwewe. Chiwewe anthu amachidziwa ndipo amachiopa, ngakhale amene alibe chifundo ndi agalu. Ngati mukufuna tsiku loyambira, 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse. Ena adzati alibe kashi, ndiye lembaniponso nambala ya Airtel Money kapena MTN, koma ikhale imene bungwe lakupatsani, osati yanu.

Tsopano chimene ndimachiumirira kwambiri. Zengani chivindikiro ndi selotepi, musayine pamwamba pake inu ndi mwini sitolo, kuti wina akatsegula zidziwike. Chigubu chilichonse chikhale ndi nambala yake m'kope. Chimangeni ndi chingwe pafupi ndi pomwe amalipirira, poti ndi pomwe munthu amakhala ndi chenji m'manja.

Pakatha milungu iwiri, katseguleni muli awiri, muwerengere pamaso pa mwini sitolo. Bungwe likakupatsani lisiti, jambulitsani mukamate pa chigubu chomwecho musanachibwezere pa kauntala.