Funsani Tikuyankheni: Ukonzi wa Nkhani Zopeka, Chikhulupiriro ndi Banja

FUNSO

Akonzi olemekezeka, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Zaka ziwiri zapitazo ndinasiya uphunzitsi n'kuyamba kukonza mabuku a nkhani zopeka ndili pakhomo. Olemba amanditumizira zolemba zawo pa imelo, ine n'kuwongola kalembedwe ndi kuona ngati tsatanetsatane wa nkhani akuyenda bwino, malipiro n'kumalandirira pa foni. Zandivuta ndi ziwiri. Pali buku lina limene ndinalandirirapo kale theka la ndalama, koma nditafika pamutu wachisanu ndi chinayi ndapeza kuti mpangankhani wamkulu, yemwe ndi mkulu wa mpingo, akuyenda ndi mkazi wa mnzake ndipo usiku akupita kwa sing'anga. Ine ndine wa Mvano, ndipo mtima ukundiuza kuti ndichotse ndime zimenezo. China n'chakuti bambo akunyumba akudandaula kuti laputopu siikuchoka pa tebulo lodyerapo, ndipo Lamulungu lapitali ndinayankha uthenga wa wolemba wina pa WhatsApp ulaliki uli m'kati. Kodi ntchitoyi ndingoisiya?

Mayi wothedwa nzeru, Chilomoni.

YANKHO

Mayi, ntchitoyi musaisiye, ndipo ndime zija musazichotse. Bukulo ndi la mwini wake, ndipo lamulo loteteza zaluso la m'chaka cha 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limapatsa wolemba ufulu wokana kuti ntchito yake ipotozedwe. Ulamuliro wanu uli pa mpumiro ndi mpatuliro, pa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, pa mawu amene mungawatsimikize mu mtanthauziramawu wa Centre for Language Studies ya ku Zomba, komanso pa kumuuza wolemba kuti mpangankhani amene anamwalira pamutu wachitatu sangapezeke akulima pamutu wachisanu ndi chiwiri. Kufufuta tchimo la mpangankhani mwakachetechete, ndalama za munthu muli nazo m'manja, ndiko kumene kungadetse chikumbumtima chanu, chifukwa kumeneko n'kusakhulupirika pa chinthu chimene munasungitsidwa.

Ndikupemphani kuti muwerengenso 2 Samueli mutu 11 ndi 12. Malemba sanabise zimene Davide anachita ndi Batiseba, ngakhale chiwembu chimene anachitira Uriya. Mneneri Natani atatumidwa kukadzudzula mfumuyo, anayamba ndi kusimba nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana kankhosa ka munthu wosauka, kamodzi kokhako komwe anali nako, ndipo Davide anapsa mtima n'kudziweruza yekha asanazindikire kuti akunenedwa ndi iyeyo. Nkhani yolukidwa bwino imagwira ntchito yoteroyo. Mkulu wa mpingo wa m'bukulo akhoza kukhala galasi limene owerenga ena angadzioneremo. Tsono powerenga mutu wachisanu ndi chinayiwo dzifunseni ngati ndimezo zikuthandiza nkhani kapena zangoikidwa pofuna kudzutsa chilakolako cha owerenga. Mukaona kuti zapyola muyezo, lembani ndemanga m'mbali mwa tsamba, mufotokoze chifukwa chake monga mkonzi, mupereke maganizo a mmene zingakonzedwere, ndipo wolembayo asankhe yekha kulandira kapena kukana.

Sindikunena kuti muzilandira chilichonse. Pali zolemba zimene munthu wopemphera ali ndi ufulu wonse wozikana, ndipo ine ndinakanapo buku lina lomwe linkanyoza anthu a mtundu wina kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Nthawi yoyenera kukana, komabe, ndi musanalandire ngakhale tambala imodzi. Kuyambira lero, wolemba aliyense azikutumizirani chidule cha nkhani yonse pamodzi ndi mitu iwiri, umodzi wa koyambirira ndi wina wa pakati, ndipo muzimufunsa mosabisa ngati muli zachiwerewere, zankhanza kapena zamatsenga. Ngati buku lomwe muli naloli likukusowetsanidi mtendere mutaliwerenga mpaka kumapeto, imbirani mwini wake, mupepese, muwerengerane masamba amene mwakonza kale, ndipo ndalama zotsalazo mubweze.

Pa dandaulo la bambo akunyumba, iwo sakulakwitsa. Pamene munkaphunzitsa, belu ndilo linkakuwerutsani, koma amene amadzilemba yekha ntchito alibe belu, ndipo mantha oti mwezi wamawa mwina sikubwera buku lililonse amamuchititsa kuvomera mabuku atatu nthawi imodzi, mpaka ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndikudziwa mmene zimakhalira: mwana waima pambali panu ndi kope la masamu, inu mukuti "dikira pang'ono" maso ali pa chiganizo chimene chikukana kuwongoka, ndipo mukamadzutsa mutu mwanayo wagona pa mpando, kope lili pachifuwa.

Yezani masamba amene mumatha kukonza mosamala pa ola limodzi, ndipo tsiku lomalizira ntchito muzilonjeza potengera chiwerengero chimenecho, mutaonjezerapo masiku a maliro, a matenda a ana ndi a kuthima kwa magetsi, popeza zimenezi sizipempha chilolezo. M'pangano lolembedwa, ngakhale litakhala la tsamba limodzi, mutchule mtengo, theka lolipiriratu, maulendo amene mudzawerenge bukulo, ndi maola amene mumayankha mauthenga. Mulembemonso poyera kuti Lamulungu ndiponso nthawi ya Mvano simupezeka. Olemba ambiri amalemekeza zimenezi akauzidwa poyamba, ndipo chimene chimawakwiyitsa n'kuzolowetsedwa kuyankhidwa pakati pa usiku kenako n'kuona kuti mwangoti zii.

Khalani pansi ndi bambo sabata ino, muwaonetse ndalama zimene ntchitoyi yabweretsa m'miyezi itatu yapitayi ndi kumene zinapita, kaya ndi fizi kaya ndi lendi, kenako mugwirizane ola limene laputopu izitsekedwa madzulo. Ngati n'kotheka, pezani nambala yachiwiri ya ntchito yokhayokha, ndipo popita kutchalitchi Lamulungu likubwerali foni imeneyo itsale kunyumba.