Mbuzi Zikhale Kaye M'khola, Mwana Ayambe Waphunzira Kuona Dzuwa

Mtsikana wina wa ku Ngabu, amene walemba mayeso a MSCE chaka chino, wandilembera kuti mtima wake uli pa ntchito yojambula zithunzi, koma ali ndi foni yokha. Akuti akajambula anthu, nkhope zimatuluka zakuda bii, kumbuyo kuli mbee, ndiye akuona ngati vuto ndi foniyo. Mayi ake awonjezera funso lawo m'munsi mwa kalatayo: kodi agulitse mbuzi kuti amugulire kamera?

Mayi, mbuzizo zisiyeni kaye. Mwanayu ali ndi sukulu ina yoti ayambe, ndipo ndi yaulere.

Tsono iwe mwana wanga, foniyo ilibe mlandu. Kamera iliyonse, yodula kaya yotchipa, imangolandira kuwala kumene kwagunda chinthu n'kubwerera. Ikafuna kujambula, imayeza kuwala kwa malo onse n'kusankha pakatikati. Ukaimika mnzako kutsogolo kwa khoma la laimu kapena thambo lowala, kamera imachepetsa kuwala pofuna kusunga khomalo, ndipo khungu lathu lakudali limamira. Khudza pankhope pa munthuyo pasikirini, kenako kweza kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pambali. Choposa apo, musunthe munthuyo.

Kuno kuchigwa dzuwa silichita manyazi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo likafika paliwombo limaipitsa nkhope iliyonse: m'maso mumachita mdima, pansi pa mphuno pamagwa chithunzithunzi, mphumi ukunyezimira thukuta, munthu ali tsinzinitsinzini. Ambiri amathawira pansi pa mtengo wa mango, koma kumeneko kuwala kodutsa m'masamba kumasiya mawangamawanga pankhope. Pita naye pakhonde. Aime mumthunzi, chapafupi ndi pamene mthunziwo wathera, atayang'ana kunja. Dothi lowala la pabwalo limabweza kuwala kofewa kumene kumadzaza nkhope yonse, ndipo m'maso mwake muoneka kadontho kowala. Kadontho kameneko ndi kamene kamapatsa chithunzi moyo. Mbali imodzi ikada, wina agwire nsalu yoyera chapafupi ndi tsaya lakelo, uona kusintha pompopompo.

Ndikupatse ntchito ya sabata imodzi. Sankha chinthu chimodzi chosasuntha, kaya mlambe wa kuseri kwa nyumba, kaya mtondo ndi munsi. Masiku awiri oyamba usajambule, uzingoyang'ana. Dzuwa likuchokera kuti? Chithunzithunzi chagwera mbali iti, ndipo ndi chachitali bwanji? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira tsiku lachitatu, jambula uli pamalo amodzimodzi: dzuwa likangotuluka, cha m'ma 9, masana, cha m'ma 3, ndiponso likamalowa. Lemba nthawizo m'kope. Udzaona kuti m'mawa ndi madzulo, kuwala kukamabwera cham'mbali, makwinya onse a khungwa la mlambe amaonekera, pomwe masana mtengo womwewo umangoti see ngati khoma.

Nyengo yotentha dzuwa limatuluka cha m'ma 5, ndiye ulesi wa m'mawa uuiwale. Ine ndinaimapo pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa tsiku lina kusanatenthe, msodzi akupalasa bwato pansi pake. Madzi a Shire anali ngati mkuwa wosungunuka, ndipo msodziyo anangooneka mdima wokhawokha, iye, nkhafi ndi ukonde. Nkhope sinaoneke, koma chithunzicho ndimachikonda mpaka lero. Apa ndikutanthauza kuti kuda kwa nkhope kumene ukudandaulako nthawi zina n'kokongola, bola ukhale kuti wachita kusankha wekha. Ngakhale fumbi la chilimwe ndi utsi wa nzimbe zotenthedwa ku Nchalo zimafewetsa dzuwa la madzulo n'kulifiiritsa. Usazione ngati adani.

Ziwiri zazing'ono: pukuta galasi la kamera usanajambule, chifukwa fumbi ndi thukuta la m'manja zimachititsa chithunzi kukhala ngati chili mu nkhungu, ndipo usasiye foni padzuwa, kutentha kumapha batire. Chachikulu n'chakuti uziyamba wapempha usanajambule munthu, makamaka ana ndi anthu amene ali pamavuto monga a madzi osefukira. Munthu si malo okongola ongodutsapo.

Za ntchito, ilipo. Maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo ndi zithunzi za ziphaso zimafuna wojambula, ndipo pa ukwati mpamene luso la kuwala limayesedwa kwambiri: diresi loyera mbee, suti yakuda, dzuwa la masana. Majete, Lengwe ndi dambo la Elephant Marsh ndi malo a nyama ndi mbalame amene ojambula ena amachita kuwakwerera ndege, iwe uli nawo pakhomo. Zotsatira za MSCE zikatuluka bwino, ganizira za utolankhani ku Malawi Institute of Journalism kapena ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre.

Mayi, mupatseni miyezi itatu. Ikatha, akuonetseni kope lija ndi zithunzi 20 zimene wasankha yekha, ndipo pa chilichonse afotokoze kumene kuwala kunachokera ndi chifukwa chimene anaimira pamene anaimapo. Akatha kufotokoza, nkhani ya mbuzi muikambirane, ndipo muyambe ndi kamera yogwiritsidwapo kale ntchito.